Ndemanga ya malamba a labala olimbitsira thupi, kwa ife amene tapitirira zaka 60

Malamba amene ndikunena pano ndi aja a labala obooka m'kati, amene amagulitsidwa asanu m'kathumba kamodzi pamodzi ndi zogwirira ziwiri, zomangira m'miyendo ziwiri ndi kachingwe kokolowekera pachitseko. Ndinawagula m'sitolo ina ya zipangizo zamasewera m'tauni muno mwa Harare pa madola 25 a ku America, ndipo ndawagwiritsa ntchito kuchokera nyengo yachisanu ya chaka chatha kufikira lero, nthawi imene ndikuona kuti ndi yokwanira kuti munthu anene zoona za katundu. Maganizo anga ndi akuti malambawa ndi oyenera mtengo wake chifukwa amachotsa zifukwa zambiri zimene ife achikulire timalekera masewera olimbitsa thupi, koma ali ndi chilema chimodzi chachikulu: samuonetsa munthu bwinobwino kuti mphamvu zake zikuwonjezeka, ndipo amene sakonza yekha njira yodziwira zimenezi angathe kugwa ulesi pakangotha miyezi iwiri kapena itatu.

Ndisanagule malambawa ndinali nditayesapo jimu ya m'tauni. Zipangizo zake zinali zabwino, koma kuchokera ku Mabvuku kumene ndimakhala, munthu ayenera kukwera kombi, kulipira popita ndi pobwerera, kenaka kukaima pamzere pa renki ya Fourth Street madzulo thupi lili lotopa kale. Pamwamba pa izi pali ndalama ya mwezi ndi mwezi, imene kwa munthu wodalira penshoni si yochepa. Anyamata a m'dera lathu ali ndi njira yawo, yothira simenti m'zitini za penti n'kulowetsamo chitsulo, koma kulemera kwa zitsulo zoterezi sikusinthika, ndipo chimene mnyamata wa zaka 20 amayambira chikhoza kuthyola msana wa agogo ake. Malamba a labala amayankha mavuto onsewa nthawi imodzi. Safuna ndalama ya ulendo, safuna magetsi, zimene ndi zofunika mumzinda umene magetsi amazimazima, amakwana m'chipinda chaching'ono, ndiponso amalowa m'chikwama munthu akamapita kumudzi kapena kukacheza kwa ana.

Mwina wina angafunse kuti munthu wokalamba akuvutikiranji ndi zotere, pamene kuyenda pansi ndi kulima kadimba kuseri kwa nyumba ndi masewera kale. Kuyenda n'kwabwino ku mtima, koma sikuteteza mokwanira minofu, imene imayamba kuchepa munthu akapitirira zaka 30, pamlingo wa 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ndipo kuchepako kumafulumira akadutsa zaka 60. Ichi n'chifukwa chake bambo amene ankanyamula thumba la simenti la makilogalamu 50 m'mafakitale a ku Msasa kapena ku Workington amadzapezeka akugwira mawondo ndi manja kuti adzuke pampando. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu aliyense azichita masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pamlungu, ndipo wa zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera osiyanasiyana olimbitsa thupi ndi ophunzitsa kukhazikika poima masiku atatu kapena kuposerapo, pofuna kupewa kugwa. Ndiponso palibe msinkhu umene munthu anganene kuti wachedwa: mu 1990 dokotala wina dzina lake Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston anaphunzitsa okalamba a zaka za m'ma 90 kunyamula zolemera ndi miyendo kwa milungu 8, ndipo mphamvu za miyendo yawo zinawonjezeka kuposa kuwirikiza kawiri. Labala nayenso sachepera pa ntchito imeneyi, popeza kafukufuku amene anasonkhanitsa zotsatira za mayeso angapo mu 2019 anapeza kuti malamba otanuka amawonjezera mphamvu mofanana ndi zitsulo ndi makina a mu jimu.

Kapangidwe ka malambawa n'kabwino mbali zambiri. Zogwirira zake n'zofewa ndipo siziterera ngakhale m'manja muli thukuta, zokolowekera zake n'zachitsulo osati pulasitiki, ndipo munthu angathe kulumikiza malamba awiri kapena atatu ku chogwirira chimodzi akafuna kuti ntchito ikhale yolemerera. Chimene ndinachikonda kwambiri n'chakuti labala amayamba mofewa n'kumalimba pamene ukumukoka, kotero kuti mapewa ndi zigongono sizidzidzimuka poyambirira monga zimachitira ndi chitsulo. Mayi a kunyumba kwathu, amene amavutika ndi nyamakazi m'zala, amatha kugwiritsa ntchito lamba wofewetsetsa popanda kudandaula. Zomangira m'miyendo zokha n'zimene sizinandisangalatse, chifukwa zomatira zake zinayamba kulekana msanga.

Kapepala ka malangizo kamene kali m'kathumbamo n'kosathandiza kwenikweni. Kali ndi zithunzi za achinyamata amatupi okhwima, koma sikanena kuti munthu ayambire pati, achite kangati, ndiponso sikatchula n'komwe za chitetezo, zomwe kwa ine ndiye zofunika koposa. Kachingwe ka pachitseko kayenera kukolowekedwa kuti pokoka uzikokera mbali imene chitseko chimatsekera, ndipo chitsekocho chikhale chokiyidwa, makamaka m'nyumba mmene muli adzukulu amene amalowa osagogoda. Lamba wokokedwa akapulumuka amabwerera ndi mphamvu yoti n'kuvulaza diso, choncho sayenera kukokedwa molunjika kumaso, ndipo tsiku lililonse munthu ayenera kumuyang'ana ngati wayamba ming'alu, makamaka pafupi ndi zokolowekera. Labala amaonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi mafuta odzola, motero kumusiya pawindo m'mwezi wa October kapena kumugwira utangodzola mafuta m'manja n'kumufupikitsira moyo. Palinso anthu amene khungu lawo limatuluka nsungu likakhudzana ndi labala wa mtundu wa latex, ndipo amenewa afunse kaye asanagule.

Tsopano ndifike pa chilema chija. Pa lamba aliyense panalembedwa nambala ya mapaundi, kuyambira 10 kufika 50, ngati kuti kukoka lambayo n'chimodzimodzi kunyamula chitsulo cholemera chomwecho. Zoona zake n'zakuti mphamvu ya labala imadalira kutalika kumene wamukoka: ukaima pafupi ndi chitseko ntchito imapepuka, ukasendera kumbuyo pang'ono imalemera, ndipo lamba akamakalamba amafewa, kotero kuti munthu angaganize kuti walimba pamene wafooka ndi labalayo. Amene amanyamula zitsulo amaona ndi maso kuti mwezi watha ankanyamula makilogalamu 10 ndipo lero akunyamula 12, ndipo kuona kumeneku n'kumene kumamudzutsa m'mawa wotsatira. Wa malamba alibe umboni wotere. Vutoli limakula chifukwa cha mmene thupi limasinthira: m'milungu yoyambirira mphamvu zimakwera msanga popeza ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kugwiritsa bwino ntchito minofu imene ilipo kale, koma pambuyo pake kusintha kumayenda pang'onopang'ono, ndipo kwa munthu wa msinkhu wathu galasi silionetsa chilichonse chodabwitsa. Apa m'pamene ambiri amapinda malamba n'kuwaika pamwamba pa kabati.

Chimene chinandithandiza kudutsa pamenepa ndi kope la ana asukulu ndi choko. Ndinalemba mizere itatu pansi patsogolo pa chitseko kuti ndiziima malo omwewo nthawi zonse, ndipo m'kopemo ndimalemba mtundu wa lamba, mzere umene ndinaimapo ndi kuchuluka kwa maulendo amene ndakoka. Ndikafika pokoka ka 15 mosavutika, ndimasendera ku mzere wakumbuyo kapena kutenga lamba wolimbirapo n'kuyambiranso pa 10. Kamodzi pamwezi ndimadziyesa ndi njira imene achipatala amagwiritsa ntchito poona mphamvu za miyendo ya okalamba: kukhala pampando wolimba wopanda zotsamira manja, wotalika pafupifupi masentimita 43, kupingasa manja pachifuwa, n'kuwerenga kuti ungaimirire ndi kukhalanso kangati m'masekondi 30. Malinga ndi muyeso wa bungwe loona za matenda la CDC la ku America, mwamuna wa zaka 60 mpaka 64 amene safika ka 14, kapena mayi wa msinkhu womwewo amene safika ka 12, ali pansi pa mlingo woyenera ndipo ali pachiopsezo cha kugwa. Nambala imeneyi ndi imene imandiuza zoona, ndipo ndimaona kuti opanga malambawa akanachita bwino kusindikiza zinthu ngati izi pa kapepala kawo m'malo mwa zithunzi za anyamata.

Chachiwiri chimene chandisunga ndi anthu. Popeza malambawa ndi asanu ndipo munthu mmodzi sawagwiritsa ntchito onse nthawi imodzi, ndinaitana achimwene awiri amene timapemphera nawo ku CCAP, ndipo Lolemba ndi Lachinayi timakumana pakhonde pathu dzuwa likangotuluka. Mutu umodzi susenza denga: tsiku limene ine ndagwa mphwayi, ndimadzuka chifukwa ndikudziwa kuti akuluakulu anzanga ali kale pageti, ndipo kuwabweza kungakhale kupanda ulemu. Izi zimaoneka bwino m'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwa Harare, mzinda umene uli pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,500, kumalowa m'mafupa ndipo bulangete limakoma kuposa china chilichonse. M'nyengo imeneyo tinasintha nthawi n'kumakumana dzuwa litakwera, komanso timayamba ndi kuyenda mofulumira ndi kupukusa mapewa kwa mphindi zingapo kuti thupi lifunde. Zogwirira n'ziwiri zokha, choncho timasinthana, koma kudikira kumeneku kumakhala ngati kupumula kumene kumafunika kale pakati pa zigawo.

Pali zosokoneza zimene palibe katundu angazithetse. Kwathu kuno maliro akagwa, munthu wamkulu sangasowe pasiwa, ndipo mlungu wonse ungathe kupita osagwira lamba. Chimene ndaona n'chakuti mphamvu sizithawa chifukwa cha mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo choopsa chenicheni ndi manyazi amene amamuuza munthu kuti popeza walekeza, basi zatha. Malamba ali ndi ubwino pamenepa, chifukwa kubwerera n'kosavuta: umangotenga lamba wofewerapo kuposa amene unalekezera, popanda wokuyang'ana kapena ndalama yolembetseranso.

Malire a malambawa ali pa miyendo. Pa msana, pachifuwa, m'mapewa ndi m'mikono ndi okwanira ndithu, koma ntchafu ndi matako ndi minofu ikuluikulu, ndipo pakapita miyezi ingapo ngakhale malamba atatu olumikizidwa amachepa pochita zonjuta, kuwonjezera apo zogwirira zimakanikiza mapewa mosautsa. Ine ndimawonjezera ndi chigubu cha madzi cha malita 10, chomwe ndi makilogalamu 10, chimene ndimachikumbatira pachifuwa ponjuta ndi pokwera sitepe ya pakhonde. Amene akufuna kulimbitsa mafupa a m'chiuno, makamaka amayi amene anasiya kusamba, asadalire labala yekha.

Sindingamalize osanena za thanzi ndi chakudya, popeza zimakhudza ngati munthu apitiriza kapena ayi. Ambiri a msinkhu wathu tili ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena shuga, ndipo n'kwanzeru kuyamba wafunsa namwino kapena dokotala ku kiliniki. Pokoka lamba munthu asagwire mpweya, chifukwa kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi mwadzidzidzi. Azitulutsa mpweya pokoka n'kuulowetsa pobwerera. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira kapena lachiwiri n'kwachibadwa ndipo kumatha kokha, pamene ululu wobaya m'mfundo za mafupa, chizungulire kapena kupweteka pachifuwa ndi zizindikiro zoti munthu aleke pomwepo. Pa chakudya, akatswiri amalimbikitsa okalamba kudya zomanga thupi zokwana galamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwawo tsiku lililonse, pokhapokha ngati ali ndi vuto la impso. Nsima ndi masamba zokha sizifika pamenepa, koma tinsomba ta kapenta ta ku nyanja ya Kariba, nyemba, mazira, mtedza, soya ndi chambiko zimapezeka ku Mbare Musika ndi m'misika ya m'madera mwathu.

Malambawa ndingawavomereze kwa munthu wa zaka 55 kupita m'tsogolo amene akuyamba kumene kapena akubwerera atalekeza kwa zaka zambiri, kwa amene jimu ili kutali, ndi kwa banja limene bambo ndi mayi angachitire limodzi. Amene wakhala akunyamula zitsulo zolemera moyo wake wonse adzawaona ngati ongothandizira paulendo. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Imodzi ndachotsa chifukwa cha manambala osocheretsa, kapepala kosathandiza, ndi chinthu china chimene wogula ayenera kuchidziwiratu: lamba wapakati, amene amagwira ntchito kwambiri kuposa onse, ndiye anayamba kung'ambika pafupi ndi chokolowekera, ndipo nditabwerera kusitolo anandiuza kuti sagulitsa lamba mmodzimmodzi koma kathumba konse. Choncho musanapereke ndalama, funsani ngati malamba olowa m'malo amapezeka paokha, ndipo ngati muli gulu monga ife, gulani timatumba tiwiri pachiyambi pomwe kuti mukhalenso ndi zogwirira zinayi.