Joyce, Abigail kapena Chimwemwe: chimwemwe chili m'dzina liti?

Makolo ambiri akamapatsa mwana wamkazi dzina la Joyce amaganiza kuti amupatsa Chimwemwe wa m'Chingerezi. Inenso ndinkatero. Koma dzinali gwero lake ndi Judoc, mwamuna, mwana wa mfumu ya ku Brittany kumadzulo kwa France. Iyeyu m'zaka za m'ma 600 anakana ufumu n'kukakhala payekha kumapemphera. M'chinenero cha kwawoko tsinde la dzinali limatanthauza "mbuye". Afalansa analifupikitsa kukhala Josse, ndipo linaoloka nyanja ndi anthu a ku Normandy amene analanda England mu 1066. Patapita zaka amuna analileka, akazi n'kulitola, mwina chifukwa limamveka ngati liwu la Chingerezi lotanthauza chimwemwe. N'kufanana kwa kamvekedwe basi, ubale palibe. Komabe nditamva kuti "mbuye" ndinaseka ndekha, poti Joyce Banda uja anakhaladi pampando wa utsogoleri wa dziko mu 2012. Ubwino wa Joyce ndi ufupi wake, komanso kulikonse kumene mwanayo angapite anthu salivutikira.

Abigail ndiye alidi ndi chimwemwe m'kati. Ndi Chiheberi, "bambo anga ndi chimwemwe". Mwini dzina ali pa 1 Samueli 25: mwamuna wake Nabala atanyoza anyamata a Davide, mayiyu sanadikire. Anasenzetsa abulu mikate 200, nkhosa zisanu zokonzakonza ndi zakudya zina, n'kukakumana ndi Davide panjira asanaphe aliyense. Ngati mukufuna dzina lokhala ndi nkhani yoti mudzamusimbire mwana akakula, awiri enawa salifika. Chovuta chake, tanthauzo limabisika mpaka wina amasulire, ndipo agogo adzangolisandutsa Abigelo.

Chimwemwe safuna womasulira. Mukangoitana pakhomo, aliyense wamva kale mmene mtima wanu unalili tsiku limene mwanayo anabadwa. Vuto ndi lakuti ndi la anyamata ndi atsikana omwe, moti mphunzitsi akamaitana mayina tsiku loyamba amayamba waunguza kuti aone amene akweze dzanja. Anzake nawonso sachedwa kulidula kukhala Chim, tanthauzo n'kutsalira m'kaundula.

Wanga atabadwa mawa ndingamutche Chimwemwe, Abigail n'kukhala lachiwiri. Joyce ndingamupatse pokhapokha ngati ndikutchula azakhali ake.