Chimbale cha Touch of Evil ndi mphindi zitatu zoyamba za filimuyi

Filimu ya Touch of Evil inatuluka mu 1958, ndipo anaitsogolera ndi Orson Welles, yemwenso amasewera m'menemo ngati Hank Quinlan, wapolisi wachinyengo. Chimbale chimene ndikunena pano ndi cha Blu-ray chimene kampani ya Eureka ya ku Britain inatulutsa mu 2011 pa mndandanda wake wa Masters of Cinema. Musanatulutse ndalama, dziwani kuti zimbale za Blu-ray zimagawidwa m'zigawo zitatu, A, B ndi C, ndipo South Africa ili m'chigawo B pamodzi ndi Ulaya ndi maiko ena onse a mu Africa, kotero chimbale cha ku Britain chimasewera pa makina ogulidwa muno mu Johannesburg, pamene chochokera ku America chikhoza kukana.

M'bokosimo muli filimu imodzi yokonzedwa mwa njira zitatu. Yoyamba ndi imene inaonetsedwa m'nyumba za kanema mu 1958, ya mphindi pafupifupi 95, yachiwiri ndi yotalikirapo imene inapezeka m'zaka za m'ma 1970, ndipo yachitatu ndi ya mu 1998, ya mphindi 111. Phindu lenileni la chimbalechi lagona pa mwayi woyerekeza mmene filimuyi imayambira m'njira zimenezi, chifukwa chiyambi chake ndicho chinaitchukitsa.

Choyamba chimene maso amaona ndi manja a munthu akupotoza kawotchi komangiriridwa ku bomba, ndipo kamera ili pafupi kwambiri moti woonera amazindikira kuti nthawi yatcheredwa pa mphindi pafupifupi zitatu. Kuseka kwa mkazi kumamveka chapatali, munthu uja n'kuthamanga, mthunzi wake ukumutsatira pakhoma, kukaika bombalo m'buti ya galimoto yopanda denga. Bambo wina wachuma ndi mtsikana amene ali naye amalowa m'galimotomo n'kunyamuka. Kuchokera pamenepo chithunzi sichidulidwa ngakhale kamodzi kwa mphindi zitatu ndi masekondi pafupifupi 20. Kamera imakwera pamwamba pa denga la nyumba, galimoto n'kubisika kwa kanthawi, kenako imatsikira mumsewu waukulu wa tauni ya m'malire a Mexico ndi America n'kumayenda chafutambuyo patsogolo pa galimotoyo. Wapolisi wa pamsewu amaiimitsa, okankha ngolo za malonda amaidutsa kutsogolo, ndipo penapake gulu la mbuzi limaichedwetsa. Pakati pa piringupiringu ameneyu pamatulukira banja latsopano likuyenda wapansi, Mike Vargas, mkulu wa boma la Mexico wolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, ndi mkazi wake wa ku America dzina lake Susan, ndipo amene amasewera mbali zimenezi ndi Charlton Heston ndi Janet Leigh. Galimoto ija imawapitirira, iwo n'kuipeza, iyo n'kuwapitiriranso.

Chimene chimagwira mtima ndi chakuti mwa anthu onse amene ali mumsewumo palibe amene akudziwa za bombalo, koma inu woonera nokha, ndipo palibe chimene mungachite. Zinthu zimene tsiku lina sitikanazilabadira, monga mbuzi kapena dzanja la wapolisi, zimasanduka zoopsa chifukwa chilichonse chochedwetsa galimotoyo chikusankha malo amene idzaphulikire ndi anthu amene adzakhale pafupi. Kusadula chithunzi ndiko kumalimbitsa mantha amenewa. Filimu ikadulidwa, woonera amadziwa mumtima kuti okonza akhoza kudumpha nthawi kapena kuitalikitsa mmene afunira, koma apa mphindi za kawotchi kaja ndi zomwezo zimene zikudutsa pa wotchi ya padzanja panu.

Mbali imene inandikhudza kwambiri ndi ya pa boda. Aliyense amene anayendapo pa basi kuchokera ku Park Station kupita ku Blantyre, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Zobue mpaka kukafika pa Mwanza, amadziwa kuti pa chipata munthu suyenda kufikira wa yunifolomu atakuloleza, ndipo ngakhale uli pachangu umayankha mafunso ake mwaulemu. M'filimuyi galimoto ya bomba ndi banja latsopano lija amafika pa chipata nthawi imodzi n'kuima moyandikana. Ogwira ntchito pamenepo amamuzindikira Vargas, n'kuyamba kucheza naye za mlandu wa banja la Grandi, lomwe limagulitsa mankhwala ozunguza bongo, ndi za ukwati wake, pamene woyendetsa galimoto akudikira monyinyirika. Mtsikana uja amadandaula kuti akumva kugunda ngati kwa wotchi m'mutu mwake, koma palibe womumvera. Tikuonera filimuyi ndi anzathu a kumudzi ku Rosettenville, mayi ena achikulire, amene Chingerezi cha ku America samachitsata bwino, anayamba kulankhula ndi kanemayo pamalo amenewa, akuti, "Tsikanimo ana inu, tsikanimo." Galimoto imawoloka, Vargas ndi mkazi wake amapsompsonana, kuphulika n'kumveka, ndipo pamenepo m'pamene chithunzi chimadulidwa koyamba. Pofika nthawiyi woonera wadziwa kale malo, anthu, ukwati wa anthu a maiko awiri, ndi vuto limene filimu yonse idzalimbane nalo, lakuti bomba linaikidwa ku Mexico koma laphulikira ku America.

Mukaika filimu ya mu 1958, mudzapeza kuti pamwamba pa chithunzi chonsechi palembedwa mayina a osewera ndi ogwira ntchito, ndipo nyimbo ya Henry Mancini ikumveka mokweza. Welles sanafune zimenezi. Kampani ya Universal, imene inapanga filimuyi, inamuchotsa pa ntchito yolumikiza zithunzi, ndipo ataona zimene zinachitidwa, mu December 1957 analemba kalata ya masamba 58 yofotokoza zimene ankafuna kuti zikonzedwe. Zambiri mwa izo sizinatsatidwe iye ali moyo. Welles anamwalira mu 1985, ndipo mu 1998 Walter Murch, katswiri wolumikiza zithunzi ndi mawu, anakonzanso filimuyi motsatira kalatayo. Mayina aja anachotsedwa pachiyambi, ndipo m'malo mwa nyimbo imodzi mumamva nyimbo zosiyanasiyana zotuluka m'mabala pamene kamera ikudutsa, pamodzi ndi wailesi ya m'galimoto ya bomba ija.

Sindikufuna kunyoza Mancini, pakuti ng'oma za m'nyimbo yake zimagunda mofanana ndi wotchi ndipo zili ndi mphamvu yake. Komabe ine ndili kumbali ya filimu ya mu 1998, chifukwa cha wailesi ija. Galimoto ikabisika kuseri kwa nyumba kapena ikatsalira m'mbuyo, khutu limapitiriza kuitsata, ndipo nyimbo yake ikayamba kukwera, mtima umadziwa kuti bomba layandikira maso asanaione. Mayina olembedwa pamwamba amachititsanso kuti munthu aziganiza kuti nkhani sinayambe, n'kumawerenga zilembo pa nthawi imene anayenera kuyang'ana buti.

Maonekedwe a chithunzi pa chimbalechi ndi abwino kwambiri. Filimuyi ndi yakuda ndi yoyera, anaijambula ndi Russell Metty, ndipo chiyambi chonse ndi cha usiku, chojambulidwa ku Venice m'chigawo cha California, malo amene anaimira tauni yongopeka ya Los Robles. Pa tizidutswa timene anthu amatumizirana pa foni mdima wonse umangokhala chimtambo chotuwa, koma apa zipilala za nyumba, mapepala ouluka ndi nkhope za odutsa zimaoneka bwinobwino. Heston ankasimba kuti anabwereza chithunzichi usiku wonse chifukwa amene ankasewera ngati wogwira ntchito pa boda ankangoiwala mawu ake, ndipo chimene chinalowa m'filimu chinajambulidwa kutatsala pang'ono kucha.

Pali zina zimene wogula ayenera kuzidziwiratu. Welles ankakonda kuti anthu azilankhula modutsana, kotero ndi bwino kuyatsa mawu olembedwa a Chingerezi amene ali pa chimbalechi, makamaka Quinlan akayamba kung'ung'udza. Kuona Heston, mzungu wa ku America, atadetsedwa nkhope kuti aoneke ngati munthu wa ku Mexico, n'kosasangalatsa, ndipo sindikuona chifukwa chobisira zimenezo. Nkhani yotsatira ili ndi chiwawa ndi mankhwala ozunguza bongo, choncho si ya ana. Pa mtengo wa chimbale muwonjezerepo ndalama zotumizira kuchokera kunja, ndipo pafunika makina a Blu-ray, amene m'nyumba zambiri za anzathu kuno mulibe, kotero kusonkherana anthu angapo n'kumabwerekana n'kwanzeru.

Amene wachipeza ayambe ndi filimu ya mu 1998 n'kuionera yonse, zitseko zotseka, magetsi ozimitsa ndi mawu okweza bwino kuti wailesi ya m'galimoto imveke. Akamaliza, aike mphindi zinayi zoyamba za filimu ya mu 1958 kuti amve yekha kusiyana kwake. Yotalikirapo ya m'zaka za m'ma 1970 ikhoza kudikira tsiku lina.