App ya banki pa foni: yandipulumutsa kawiri, koma imachenjeza m'Chingerezi chokha

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito app ya banki yanga kwa miyezi 9. Ndimagulitsa zitenje ku Limbe, ndipo kale ndinkatseka shopu ndalama zili m'chikwama, mtima uli phaphapha mpaka kukafika kunyumba. Pano makasitomala ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ine n'kuzikankhira ku akaunti ndisanatseke n'komwe. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Chimene ndimachikonda kwambiri n'chaching'ono: ukalemba nambala ya munthu, imayamba yakuonetsa dzina lake ndalama zisanachoke. Tsiku lina ndinalandira uthenga wonena kuti ndi amene amandipikulitsa katundu, asintha nambala, nditumize K180,000 ija pa nambala yatsopano. Ndalamayo ndinalidi nayo ngongole, ndiye sindinakayike. Nditalemba nambala, panatuluka dzina lachilendo. Ndinawaimbira eni ake pa nambala yakale, iwo n'kudabwa kuti sanasinthe kalikonse. Kuti akamberemberewo anadziwa bwanji za ngongoleyo, mpaka lero ndimaganiza kuti alipo wapafupi amene anawauza.

Kachiwiri kanali koopsa. Bambo wina anaimba Loweruka masana, mwaulemu ndithu, akunditchula dzina lonse. Akuti ndi wa ku banki, akaunti yanga itsekedwa chifukwa chiphaso cha unzika sichikugwirizana ndi zimene zili m'kompyuta, ndiye ndimuwerengere manambala 6 amene abwere pa foni. Manambalawo anabweradi tili pakati poyankhula, kutanthauza kuti iye anali akuyesa kale kulowa. Ndinadula foni, ndinatseka khadi mu app momwemo, ndinasintha nambala yachinsinsi. Zonsezi sizinathe mphindi zitatu. Lolemba ku nthambi anandiuza zimene amanena nthawi zonse, kuti wa banki weniweni safunsa PIN kapena manambala amenewa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Uthenga wobweretsa manambala aja umachenjeza kuti usauze munthu, koma m'Chingerezi. Ine ndinawerenga. Mayi anga, amene ndinawatsegulira akaunti ku banki yomweyo, akanangowerengera bamboyo manambala onse, mwinanso n'kumuthokoza. Wakubayo amayankhula Chichewa chomveka bwino, pomwe banki ikuyankhula chinenero chimene theka la anthu a mumsika mwathu sachimva. Kulemba kuti “Musauze aliyense manambala awa, ngakhale wa ku banki” kungawononge ndalama zingati?

Chachiwiri, chitetezo chonse chagona pa simu khadi. Kuyambira 2018 MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, inalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, koma akuba amagwiritsa ntchito nambala zolembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, ndipo nkhani zoti ena amaimba ali m'ndende ku Zomba tazimva kangapo. Munthu akakwanitsa kusinthitsa simu yako, mauthenga onse a banki amapita kwa iye. Ndikanakonda app ikanati foni ikasintha, ndalama zisatuluke kwa tsiku limodzi. Pano ndimangoti netiweki ikasowa pa foni yanga yokha, anzanga ali nayo, ndimathamangira kukafunsa.

Zina n'zazing'ono. Kulowa ndi chala kumagwira bwino, kupatula manja akakhala ndi thukuta. Malire a ndalama zotuluka pa tsiku umadziikira wekha, ine ndinatsitsa kufika K300,000. Kumapeto kwa mwezi imachedwa, ndipo kamodzi ndalama zinachoka osafika, zinabwerera patatha masiku awiri.

Amene muli pa geni, itengeni, koma tsegulani mauthenga odziwitsa za ndalama iliyonse yotuluka. Mayi anga ndinangowachotsera app, amakatapa okha ku nthambi ndi chiphaso chawo.