Mapichesi a mufiriza: pathireyi, m'madzi a shuga kapena ndi shuga wouma?

Pichesi likapsa silidikira munthu. Lero ndi lolimba, mawa lanunkhira, mkuja layamba kuwola. Amene tili ndi firiza timathamangira komweko, koma timasiyana kasungidwe kake. Ine ndayesa njira zitatu, ndipo sizifanana ayi.

Poyambira m'pamodzi. Sankhani opsa bwino, chifukwa firiza sipsetsa chipatso: mukaika losapsa mudzatulutsa losapsa lomwelo. Posenda musavutike ndi mpeni. Chekani kamtanda kunsi kwa pichesi, liviikeni m'madzi owira kwa masekondi 30 mpaka 60, kenako m'madzi a ayezi, khungu lingovuka ndi chala. Pichesi losenda likakhudzana ndi mpweya limada msanga, choncho mukangodula zidutswa zithireni madzi a mandimu kapena ufa wa vitamini C wosungunula m'timadzi. Firiza ikhale pa -18°C.

Njira ya thireyi ndi imene ambiri amaikonda, ndipo ndikumvetsa. Mumayala zidutswa pathireyi mosagundana n'kulowetsa mufiriza, zikauma gwa muziika m'thumba lapulasitiki n'kufinya mpweya wonse. Palibe shuga, ndipo tsiku lofuna mumangotapa zidutswa zisanu, zotsala n'kubwezera. Pogaya chakumwa palibe yoposa iyi. Koma chaka choyamba ndinasunga onse mwanjira imeneyi, ndipo patapita miyezi ingapo ndinapeza m'mbali mwa zidutswa mwatuwa, mwauma ngati chikopa, m'thumba muli tizibuma ta ayezi. Madzi a m'chipatso anali atathawa. Nditasungunula zina m'mbale zinangoti phwatata, zikusambira m'madzi awoawo. Chimachitika n'choti madzi a m'kati akauma amasanduka timinga ta ayezi tobaya mnofu wa chipatso, ndipo chidutswa chosavala kanthu chilibe chochitchinga ku mpweya wouma wa mufiriza. Ndiye thireyi ndi ya amene adya mapichesi awo posachedwa.

Madzi a shuga ndi amene amasunga maonekedwe. Sungunulani pafupifupi makapu 3 a shuga m'makapu 4 a madzi, muwasiye azizire, ndipo pa lita iliyonse muthire theka la supuni yaing'ono ya ufa wa vitamini C. Zidutswa zimire zonse m'kontena, pamwamba pasiyidwe mpata wa masentimita awiri popeza madzi akauma amafufuma, osatero chivindikiro chidzatukuka. Zidutswa zimakonda kuyandama, ndiye finyani kapepala kosalowa madzi mukaike pamwamba musanatseke, kazikanikize pansi. Mapichesi osungidwa chonchi amatha miyezi 8 mpaka 12 akadali achikasu, ogwirika ndi foloko, oti mlendo mungamupatse osachita manyazi. Vuto lake ndi malo. Theka la kontena ndi madzi, ndipo simungatape pang'ono, mpaka musungunule chibuma chonse. Ukafuna kuphikira keke umayamba wakhetsa madziwo, shuga wako n'kupita nawo.

Njira imene ndakhazikikapo ndi ya shuga wouma, yomwe anthu saitchula kwenikweni, kaya chifukwa ikuoneka yachidule. Pa magalamu 600 a zidutswa mumathira magawo awiri mwa atatu a kapu ya shuga, n'kusakaniza mofatsa kuti zisanyenyeke, kenako n'kudikira mphindi 15. Mukabwerera mupeza shuga wakoka madzi a chipatso, pansi pa mbale pali msuzi wonona wa pichesi lenilenilo, wosasukuluka ndi madzi ena. Msuzi umenewo ndi umene umakuta zidutswa. Ndimathira m'matumba, n'kuwagoneka chafulati kuti aume ngati mabuku, ndipo malo omwe akanalowa makontena atatu mumalowa matumba ambirimbiri. Maonekedwe sapambana a m'madzi a shuga, zimenezo ndivomereze, zidutswa zimafota pang'ono. Koma kukoma kwake n'kwamphamvu, ndipo pophika mumangochepetsa shuga amene mukanathira.

Amene shuga anawaletsa, thireyi ndi yawo, bola vitamini C asamuiwale, matumba akhale aang'ono ndipo alembepo tsiku.

Njira iliyonse mwa izi, ngati mukufuna kudya osaphika, sungunulirani m'firiji usiku osati patebulo, ndipo muwadye pakati pa chidutswa pakadali kaayezi pang'ono, asanalefukiretu.