AddToAny yandithandiza pa geni yanga ya zitenje

Ine ndimagulitsa zitenje pa webusayiti ya WordPress ndiye makasitomala ankadandaula kuti kukopa link nkukaiponya pa WhatsApp ndi chintchito, ena ankangojambula screenshot basi mtengo osaoneka. Mnzanga anandiuza za AddToAny, plugin yaulere (kapulogalamu kowonjezera pa WordPress) yoika mabatani otumizira link, kuika kwake sikunanditengere nthawi ndipo mabatani a WhatsApp, Facebook ndi Telegram anabwera pansi pa katundu aliyense, munthu akangodina yapita ku gulu la azimayi akutchalitchi kaya kwa achemwali ake ku Joni.

Koma musaike mabatani ambirimbiri abale, atatu akwana, pa foni amadzadza sikirini. Link ikapita yopanda chithunzi imeneyo ndi nkhani ya Open Graph (makodi obisika pa tsamba ouza WhatsApp ndi Facebook chithunzi choti aonetse), ine ndinakonza ndi plugin ina yotchedwa Yoast SEO.