Rauta ya TP-Link TL-WR841N: ndi yolimba, koma musaigwiritse ntchito momwe yatulukira m'katoni

Kwa wa kashopu ku Kapata kapena wa loji yaing'ono mu Chipata, rauta iyi ndi yotchipa ndipo sivuta. Ili ndi tinyanga tiwiri, mabowo anayi a LAN (olumikizirapo makompyuta ndi chingwe) ndi limodzi la WAN (polowera intaneti), ndipo imagwira pa 2.4GHz pokha. Ilibe malo a simu, choncho intaneti ya MTN, Airtel kapena Zamtel iyenera kulowa ndi chingwe kuchokera ku modemu. Imadya 9V basi, ndiye malaiti a ZESCO akathima, ka UPS (batire yosunga magetsi) kakang'ono kamaiyendetsa bwinobwino.

Pomwe pali nkhani ndi pa chitetezo. Pansi pake pali kapepala kolembedwa manambala 8, ndipo nambala yomweyo ndiyo pasiwedi ya Wi-Fi komanso PIN ya WPS, njira yachidule yolumikizira foni kapena kompyuta ku Wi-Fi popanda kulemba pasiwedi. Mu 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta siyang'ana PIN yonse nthawi imodzi. Imayamba yavomereza manambala anayi oyamba, kenako otsalawo, ndipo yomalizayo ndi yongowerengera kuchokera pa inayo. Wakuba amangofunika kuyesa kosapitirira 11,000, ntchito yomwe pulogalamu ya Reaver imachita yokha pa laputopu. PIN ikapezeka, rauta imapereka pasiwedi yanu, kaya ndi yaitali bwanji. Ena amasintha pasiwedi mwezi uliwonse n'kumadabwa kuti bandulo ikutherabe msanga: WPS akadali yoyatsa, mnyamata wa kuseri kwa mpanda amangolowanso ndi PIN yakale ija. Rauta zatsopano zimadzitseka munthu akalakwitsa kangapo, koma musadalire zimenezo.

Palinso bowo la chitetezo mu pulogalamu ya rauta iyi lotchedwa CVE-2023-50224, lolola munthu amene ali kale pa netiweki yanu kutenga mapasiwedi osungidwa mu rauta popanda kulowa ngati mwini. Ku loji, komwe mlendo aliyense amapatsidwa Wi-Fi, izi si zazing'ono. Bungwe la CISA, loona za chitetezo cha makompyuta ku America, linaliika mu 2025 pa mndandanda wa mabowo omwe akuba akugwiritsa kale ntchito.

Mukangoilumikiza, lembani 192.168.0.1 mu browser kuti mulowe pa tsamba losinthira zinthu mu rauta. Zimitsani WPS. Pa Wireless Security sankhani WPA2-PSK ndi AES, osati WEP kapena TKIP, ndipo pasiwedi ikhale ya zilembo zosakaniza zosachepera 12 (nambala yanu ya foni ayi, anthu oyandikana nanu amaidziwa). Rauta zakale zimabwera ndi admin/admin ngati dzina ndi pasiwedi zolowera pa tsambali, sinthani pomwepo. Remote Management, yolola munthu kuyendetsa rauta ali kutali kudzera pa intaneti, ikhale yozimitsa. Kenako onani "Ver" (nambala ya mtundu wa rauta yanu) pa kapepala kaja ndi kutenga firmware (pulogalamu yoyendetsa rauta) ya mtundu womwewo pa webusaiti ya TP-Link, chifukwa ya mtundu wina ingaphe rauta. Poika firmware gwiritsani chingwe, ndipo rauta ikhale pa UPS kuti malaiti asathime ili mkati.

Ya salaula, ya mitundu yakale yomwe kampani inasiya kuikonzera firmware, musagule ngakhale akuchotsereni mtengo. Yatsopano ndi yokwanira pa nyumba kapena shopu. Pomwe pamadutsa ndalama za makasitomala, wonjezerani pang'ono mugule yokhala ndi WPA3, chitetezo cha Wi-Fi cholimba kuposa WPA2.