Ulendo wa kalabu yathu ya magalimoto ku Chikwawa ndi Nchalo

Kwathu ndi ku Ngabu, ngakhale ndakhala ku Blantyre zaka 12 tsopano. Chaka chatha ndinagula Toyota 86 ya 2013 yochokera ku Japan, kenaka ndinalowa kalabu ya eni magalimoto othamanga. Akuluakulu a kalabuyi atanena kuti ulendo wa mu Seputembala ndi wotsikira ku Chigwa cha Shire, ndinali woyamba kupereka ndalama. Ndalamayo inali ya malo ogona usiku umodzi, chakudya ndi kulowa ku Majete, pamene mafuta aliyense amadzigulira. Ndikulemba izi kuti amene akufuna kudzapita ulendo wotsatira adziwe chimene akulipirira.

Tinanyamuka Loweruka 6 koloko m'mawa, magalimoto 11. Tisanalize injini, mtsogoleri wa ulendo anatisonkhanitsa nʼkutiuza kuti pa zitunda za ku Chikwawa aliyense atsike ndi giya yachiwiri kapena yachitatu, asadalire mabuleki okha. Apa ndimuyamikire. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene Chikwawa ali pafupifupi mamita 100 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kutsika konseko kumachitika pa msewu wokhotakhota. Ukapondereza buleki njira yonse, mafuta a mabuleki amawira, phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Mnzathu wina wa Golf GTI sanamvere bwino malangizowo, ndipo pofika pa Thabwa matayala ake akutsogolo ankanunkha ngati mphika wopserera. Tinamudikira mpaka atazizira.

Koma msewu umenewo, abale! Ndautsikapo kambirimbiri pa minibasi, nditapanikizika pakati pa matumba a kabichi, koma sindinkaudziwa. 86 ili ndi injini ya malita 2 yopangidwa ndi Subaru, yokhala pansi kwambiri, ndipo imakoka ndi matayala akumbuyo. Pa kona iliyonse imangotsata kumene dzanja lalozera, osapendekeka. Ukamatsika makutu amatseka, mpweya wozizira wa kumtunda umatha pangʼonopangʼono, kenaka chigwa chonse chimatambasuka pamaso pako, Shire akunyezimira pakati, patali kubiriwira kwa nzimbe. Ndinatsitsa galasi kuti ndimve kutentha kwa kwathu kukulowa. Makilomita ochepa amenewo okha anabweza ndalama yanga.

Ku Majete anakonza bwino. Magalimoto athu tinawasiya, nʼkukwera galimoto yaitali yoonera nyama, chifukwa 86 kapena Mazda MX-5 singayende mʼtinjira ta mʼnkhalango. Ine ndikukumbuka nthawi imene Majete inali nkhalango yopanda kanthu, nyama zitatha ndi alenje. Bungwe la African Parks linayamba kuyangʼanira malowa mu 2003, ndipo mikango inabwezedwamo mu 2012. Tsiku limenelo mkango sitinauone, koma tinaona njovu zikumwa madzi mʼmbali mwa Shire, mvuu, ndi mphoyo zambiri. Tinaimanso poonera mathithi a Kapichira, pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859. Anzanga ena ankangodziwa dzina la Kapichira chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi kumene kunachitika namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a pamenepo mu Januwale 2022. Kuona madziwo ndi maso kunawakhazika chete.

Chimene chinandipweteka mtima chinachitika masana, pakati pa Dyeratu ndi Nchalo. Msewu wa M1 pamenepo ndi wowongoka, ndipo anyamata atatu a mʼgulu lathu anayamba kupikisana. Mtsogoleri anali patsogolo, kumbuyo kunalibe woyangʼanira. Aliyense wodziwa kuchigwa akudziwa kuti msewu umenewu si wa magalimoto okha. Muli akabaza onyamula anthu awiriawiri, ngolo, ngʼombe zodutsa nthawi iliyonse, mbuzi, ana, ndi mathirakitala okoka nzimbe nyengo yodula. Ndili pambuyo pawo ndinaona mayi wachikulire atasenza mtolo wa nkhuni akudumphira mʼngalande, nkhuni zili mbwee. Ndinaima nʼkutsika.

"Pepani agogo, mwavulala?"

Anadzisasa fumbi pa chitenje, nʼkundiyangʼana nthawi yaitali. "Iyayi mwanangu. Koma anzanuwo akuthawa chiyani?"

Ndinawathandiza kumanganso mtolowo, manja anga akunjenjemera. Akanatha kukhala azakhali anga. Madzulo nkhaniyi ndinaitula pamaso pa onse. Awiri anapepesa, mmodzi anangoti msewu unali poyera. Akuluakulu a kalabu anamva, koma palibe amene anadzudzulidwa mwamphamvu, ndipo mpaka lero zimenezo sizinandichoke.

Vuto lina linali njira yopita kumalo ogona, mʼmbali mwa mtsinje. Zinaonekeratu kuti amene anakayendera malowo anapita pa Hilux. Kanjirako nʼkafumbi, kodzaza mikwingwirima ya matayala a mathirakitala, pakati pali chulu cha dothi louma gwa. Galimoto yanga pansi pake ndi masentimita pafupifupi 13 okha. Ndinayenda ngati kamba, komabe ndinamva khwee, kenaka phokoso la ekizozi linasintha. Magalimoto anayi tinakhula pansi. Malo ogonawo pawokha ndilibe nawo mawu: zipinda zoyera, neti yopanda chibowo, fani yogwira ntchito usiku wonse. Chakudya ndiye chinali chakwathu zedi. Anatiphikira makakana owotcha pa makala, mbuzi, nsima ya mapira kwa ofuna, ndi chakumwa cha malambe chozizira bwino. Anzanga a ku Blantyre, amene nsomba amangodziwa chambo, anapempha mbale yachiwiri.

Lamulungu mʼmawa ndinapita ndi galimoto kwa wowotcherera wina pa Nchalo, amene shedi yake ndi malata anayi pansi pa mtengo wa nimu. Jeki wake anakana kulowa pansi pa 86. Sanadandaule. Anayala matabwa awiri, nʼkundiuza kuti, "Achimwene, kwezani pangʼonopangʼono, ndikakweza dzanja muime." Atagona pa katoni anapeza kuti chogwirira ekizozi chathyoka ndipo paipi yangʼambika polumikizira. Asanayatse moto anachotsa waya wa batire kuti asaononge kompyuta ya galimoto, chinthu chimene amakaniko ena a mʼtauni amaiwala. Ntchito inatha isanakwane ola, ndipo mpaka lero sinamasukenso. Kalabu sinandithandize ndi kobiri pa zimenezi, ngakhale njirayo anasankha ndi iwo.

Kwa amene akufunsa ngati apite, ndinganene kuti pitani, makamaka ngati simunatsikepo zitunda za ku Chikwawa pa galimoto yomvera chiwongolero. Thirani mafuta odzaza thanki ku Blantyre, onani mafuta a mabuleki ndi madzi a mu rediyeta, chifukwa pokwera pobwerera dzuwa la masana silichita chibwana. Funsaninso ngati njira ya kumalo ogona anaiyesa ndi galimoto yotsika.

Ine ndawalembera akuluakulu a kalabu kuti ulendo wotsatira pakhale galimoto yotsekera kumbuyo, ndipo wopikisana pa malo a malonda abwezedwe kwawo tsiku lomwelo. Ndadzipereka kuti wotsekera kumbuyoyo ndikhale ineyo. Akavomera, ndidzawatsogolera mpaka ku Bangula kuti akaone dambo la Elephant Marsh mʼmawa dzuwa lisanakwere.